KHONDOWE, MUDZI WA SUKULU NDI MABUKU

Mphunzitsi wa m'dziko la Lundazi amene afuna kuona kumene kunacokera zambiri za sukulu zoyamba za kwao sayenera kuoloka nyanja yamcere ai. Mizinda yomveka ya maphunziro, monga Edinburgh ndi Oxford, iri kutali ndithu; koma ulipo mudzi wina wa pafupi, ndiwo Khondowe, umene anthu ambiri aucha Livingstonia, pa phiri lopenyana ndi Nyanja ya Malawi. Mudziwo ndi waung'ono, ndipo munthu akhoza kuzungulira nyumba zace za njerwa zofiira m'mawa umodzi wokha. Koma kuyambira caka ca 1894 m'mudzimo munaphunzira aphunzitsi, abusa, akalaliki ndi amisiri amene anabalalika kufikira ku Chinsali, ku Migodi ndi ku Cape Town; ndipo momwemo anthu a kuno anayamba kulemba mbiri ya makolo ao ndi manja a iwo eni.

NJIRA YACE

Wocokera pa Boma la Lundazi aoloka malire pa Lusuntha, nalowa m'Malawi pa Mqocha, nakafika pa mseu waukuru pa Jenda. Asanapitirire kumpoto acita bwino kupatukira ku Embangweni, kumene Donald Fraser anamanga Misyoni ya Loudon m'caka ca 1902. Angoni anamucha mbusayo Chisekeseke, cifukwa ca nkhope yace yosekerera. Iye anacoka m'dziko muno mu 1925, namwalira mu 1933, koma phulusa la mtembo wace linabwera kudzaikidwa pa Loudon pomwepo.

Malo amenewa akhudza Lundazi kwambiri. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 Fraser anatsikira ku Marambo, m'cigwa ca Luangwa, kukaceza ndi mafumu a Asenga. Ndipo pambuyo pace aphunzitsi a Cingoni anadzipereka kukatsegula sukulu m'midzi yomwe ija imene atate ao adaithira nkhondo. Sukulu za kumadzulo zinayang'aniridwa kucokera ku Loudon kufikira pamene Chasefu inakhala Misyoni payokha mu 1922.

Kucoka pamenepo mseu udzera ku Mzuzu ndi ku Ekwendeni, kumene Misyoni inayamba mu 1889, nutsata cigwa ca Henga, nutsikira ku nyanja pa Chiweta. Pa Chitimba payambira citunda. Mseu wakale wokwera phirilo, umene anthu aucha Gorodi, unatha kukumbidwa mu 1905; uli ndi makhota 20 akuthwa, ndipo ukwera mapazi pafupifupi 3,000 kucokera pa madzi a nyanja. M'nyengo ya dzinja ngwoterera ndi woopsa. Pafupi ndi pamwamba pali mathithi a Manchewe, ndipo kuseri kwa madziwo kuli mapanga m'mene anthu a m'phirimo, Aphoka, ankabisala pa masiku a nkhondo.

CIYAMBI CA MUDZIWO

David Livingstone anamwalira kwa Chitambo mu 1873. Caka cotsatira James Stewart, mkuru wa sukulu ya Lovedale ku South Africa, anapempha Mpingo wa Free Church of Scotland kuti umange mudzi wa maphunziro ndi nchito za manja pa nyanja, wokumbutsa dzina lace. Anthu oyamba anatsogozedwa ndi E. D. Young, ndipo pakati pao panali mnyamata wa ku Aberdeen, Robert Laws, amene anali dotolo ndi mbusa pamodzi. Sitima yao, Ilala, anaiphwasula nainyamula pamutu polambalala mathithi a Shire, ndipo inalowa m'nyanja pa 12 October 1875.

Anamanga poyamba pa Cape Maclear, koma malungo anapha anthu ao angapo, ndipo midzi inali yocepa. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe pakati pa Atonga. Kumenekonso manda anacuruka. Tsono Laws anafunafuna malo okwezeka, a mphepo yabwino, a madzi ndi mitengo, nawapeza pa Khondowe, m'munsi mwa phiri la Nyamkhowa, mu 1894. Sukulu yaikuru imene anaimanga pamenepo anaicha Overtoun Institution, dzina la Lord Overtoun, mwini cuma wa ku Scotland amene anapereka ndalama zambiri za nchitoyo.

Sikuyenera kuiwalika kuti nchitoyi sinali ya Azungu okha. William Koyi, Mxhosa wocokera ku Lovedale, anafika mu 1876. Ndipo popeza cinenero cace cinali pafupi ndi Cingoni, ndiye amene anatsegula njira kwa Inkosi M'mbelwa, nakhala pa Njuyu kuyambira 1882 kufikira imfa yace mu 1886.

ZIMENE MLENDO AZIONA

Laws anafuna kuti mudzi wace usacepe pa kanthu kali konse. Anakokera madzi m'mipope kucokera kuphiri, ndipo mu 1905 anayatsa magetsi opangidwa ndi mphamvu ya mtsinje, pa nthawi imene midzi yambiri ya ku Scotland komwe inali kuunikirabe ndi nyali. Mlendo lero aona nyumba ya nsanja yokhala ndi koloko, cipatala ca David Gordon Memorial cimene cinatsegulidwa mu 1911, ndi chalichi cacikuru cimene cinatenga zaka zambiri kumangidwa. Pa zenera lace la magalasi a mawanga pali cithunzi ca Livingstone pamodzi ndi anzace a paulendo, nyanja iri kumbuyo kwao.

Nyumba ya miyala, Stone House, imene inamangidwa mu 1903 ndi kukhalamo Laws, tsopano ndiyo yosungiramo zakale. M'menemo muli makalata, mabuku, zithunzi ndi zipangizo za udotolo. Pa bwalo la kunja kwace pali cizindikiro ca caka ca 1959. M'mwezi wa March caka cimeneco, pamene Boma la atsamunda linali kumanga atsogoleri a Congress, ndege inaponya kalata yofunsa ngati Azungu a pa Misyoni afuna kucotsedwa. Anthu a pamenepo, akuda ndi oyera, anagwirizana kukhala pamodzi, nayankha mwa kuyala miyala yopaka laimu pa udzu, yochula Aefeso 2:14, ndime yonena za kutha kwa udani pakati pa mitundu iwiri. Woyendetsa ndegeyo anaiwerenga ali m'mwamba.

M'sukuluyo munali zigawo za uphunzitsi, ubusa, udotolo ndi ukalaliki, ndiponso za ukalipentala, kumanga nyumba, ulimi, telegrafu ndi kusindikiza mabuku. M'makalasi apamwamba anaphunzira m'Cingerezi. Anyamata anacokera kwa Atonga, Angoni, Atumbuka ndi Ankhonde, ndiponso ku Mwenzo, ku Chinsali ndi ku Chitambo. Ambiri anayenda pansi masiku oculuka atasenza mphasa ndi kamba wao.

KULEMBA ZINENERO

Nchito yoyamba ya mabuku inali kupatsa zinenero malembo. Popeza anayambira kumwera kwa nyanja, Laws anaphunzira Cinyanja, namasulira Cipangano Catsopano conse, cimene cinasindikizidwa mu 1886. Ndipo mu 1894 anaturutsa buku lomasulira mau a Cingerezi m'Cinyanja. Cinyanja cace cinali ca malo amodzi, motero mu 1900 Misyoni zingapo zinapangana kumasulira Baibulo limodzi lomveka kwa onse. W. H. Murray wa Misyoni ya Dutch Reformed ndiye anatsogolera nchitoyo, ndipo Buku Lopatulika linaturuka mu 1922.

Koma kumpoto Cinyanja sicinali cinenero ca pamudzi. W. A. Elmslie, amene anafika pa Njuyu mu 1885, analemba galamala ya Cingoni ndi mau oyamba a Citumbuka mu 1891. Anaganiza kuti Cingoni ndico cidzakula, popeza cinali ca eni ufumu. Koma ana a Angoni anayamwa cinenero ca amai ao, amene ambiri anali Atumbuka, kotero kuti m'mbadwo umodzi kapena iwiri Citumbuka cinapambana. Cimeneco ndico cifukwa cace lero anthu a Inkosi Magodi ndi a Inkosi Phikamalaza abvina ingoma, koma pamudzi alankhula Citumbuka. Misyoni inatsata anthu ace: Cipangano Catsopano ca Citumbuka cinaturuka mu 1911, ca Citonga ca ku nyanja mu 1921 mwa nchito ya A. G. MacAlpine, ndipo Baibulo lonse la Citumbuka mu 1957.

Pa Khondowe panali nyumba yosindikizira, m'mene anyamata anaphunzira kusanja malembo a citsulo limodzi limodzi. M'menemo munaturuka mabuku oyambira kuwerenga, a masamu ndi a nyimbo, amene anafika m'sukulu za udzu za ku Chasefu ndi ku Marambo. Ndiponso nyuzi yochedwa The Aurora, imene inayamba mu 1897.

ENI DZIKO ALEMBA MBIRI YAO

Mabuku awiri ayenera kuwadziwa mphunzitsi ali yense wa ku Lundazi, popeza m'kalasi mwace mukhala zidzukulu za mitundu yonse iwiri imene mabukuwo aisimba.

Loyamba ndi la Saulos Nyirenda, wophunzira wa Misyoniyi amene anagwira nchito ya telegrafu. Iye analemba m'Citumbuka mbiri ya Atumbuka ndi Ahenga: za Mlowoka amene anaoloka nyanja kudzagula minyanga ya njobvu, ndi za ufumu wa Chikulamayembe pa Nkhamanga. T. Cullen Young, amene anafika pa Misyoni mu 1904, anaimasulira m'Cingerezi, ndipo inasindikizidwa mu 1931 m'magazini ya Bantu Studies ya ku Johannesburg. Young mwini anali ataturutsa kale buku lace la cinenero ndi mbiri ya Atumbuka mu 1923.

Laciwiri ndi la Mbusa Yesaya Mlonyeni Chibambo wa ku Ekwendeni, Makani gha baNgoni, limene linaturukanso m'Cingerezi mu 1942 ndi dzina lakuti My Ngoni of Nyasaland. Chibambo anafunsa nkhalamba zimene zinamva kwa atate ao za ulendo wa Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi mu November 1835 tsiku la kadamsana, ndi za kugawanika kwa ana ace atamwalira iye kumpoto. Ndiyenso anayenda ndi Margaret Read ndi kumthandiza pamene anali kufufuza miyambo ya Angoni m'zaka za m'ma 1930.

Mabuku awiriwa sagwirizana pa zonse. Kwa Nyirenda, Angoni ndiwo anapasula dziko limene linali pa mtendere pansi pa mfumu imodzi. Kwa Chibambo, Angoni anadzetsa dongosolo ndi malamulo pakati pa midzi yobalalika. Ndipo onse awiri analemba pa nthawi imene Boma la atsamunda linali kusankha mafumu oti liwapatse mphamvu, kotero kuti mbiri inali ngati umboni pa bwalo la mirandu. Ufumu wa Chikulamayembe unaukitsidwa mu 1907, ndipo Mbusa Edward Bote Manda anaulimbikira zaka zambiri. Akatswiri a pambuyo pace, monga Leroy Vail, anaonetsa kuti ufumu wakalewo sunali waukuru monga anaulembera, ndi kuti Atumbuka ambiri, makamaka a kumwera ndi kumadzulo, sanali pansi pace. Ici sicicepetsa alembiwo, popeza popanda iwo zambiri zikadapita kumanda pamodzi ndi nkhalamba. Koma ciphunzitsa kuti mwana ayenera kuzolowera kufunsa kuti analemba ndani, analemba liti, ndipo anafuna kuti amve ndani. Mutu umodzi susenza denga, ndipo buku limodzi silisenza mbiri ya dziko.

NYIMBO

Colowa cimene cinafika pa mudzi uli wonse ndico nyimbo. M'Misyoni zambiri za masiku aja anthu anaimba nyimbo za ku Ulaya zomasuliridwa, zimene kamvekedwe kace kanalimbana ndi mau a cinenero. Fraser anaona kuti Angoni ndi anthu oimba, motero pa misonkhano yaikuru ya caka ndi caka anaika mpikisano wa kupeka nyimbo. Anthu anatenga maimbidwe a ingoma, a ukwati ndi a nkhondo, m'mene mmodzi atsogolera ndipo khamu libvomera, nawapatsa mau atsopano. Opeka omveka anali Mawelera Tembo, mmodzi wa Angoni awiri oyamba kubatizidwa pa Njuyu mu 1890, Peter Thole, Jonathan Chirwa ndi Charles Chinula. Nyimbo zao zambiri zinalowa m'buku la Sumu za Ukristu, limene liimbidwa ku Lundazi monga ku Mzimba, ndipo zina zinamasuliridwa m'Cingerezi ndi kuimbidwa ku Scotland. Mphunzitsi wofuna kuonetsa ana ndakatulo zopekedwa ndi anthu a mtundu wao adzazipeza m'menemo.

AMENE ANATURUKAMO

Sukulu imene iphunzitsa munthu kuwerenga siikhoza kumuuza pomwe alekezere. Misyoni inacedwa kwambiri kudzoza abusa a Ciafrika. Oyamba, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, patapita zaka pafupifupi 40 ciyambire nchitoyo. Charles Domingo, amene anatsiriza maphunziro a ubusa kale kwambiri, anatopa ndi kudikira, nacoka. Makalata ace odzudzula Boma, Misyoni ndi makampani ali m'gulu la zolemba zoyamba za ndale za dziko lija. Eliot Kamwana anabatiza Atonga zikwi zambiri mu 1908 ndi 1909 asanagwidwe ndi Boma. Mwasi mwini anapatuka mu 1933, nalemba kabuku kofotokoza zifukwa zace. Chinula, amene anamasulira m'Citumbuka buku la John Bunyan la The Pilgrim's Progress, anayamba mpingo wace caka cotsatira.

Ena anatenga njira ya mabungwe. Levi Mumba anathandiza kuyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, nakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Donald Siwale ndi David Kaunda anacita cimodzimodzi ku Mwenzo. Kaundayo ndiye mphunzitsi amene anatumidwa ku Chinsali, atate wa Kenneth Kaunda, pulezidenti woyamba wa Zambia. Clements Kadalie, Mtonga wa kufupi ndi Bandawe, anatsiriza uphunzitsi pa Khondowe, napita kumwera, nayambitsa bungwe la anchito la I.C.U. ku Cape Town mu 1919. Buku la moyo wace linasindikizidwa mu 1970, iye atamwalira kale mu 1951. Legson Kayira anacoka pa sukulu ya sekondale ya Livingstonia nayamba ulendo wa pansi mu 1958 kufuna maphunziro a ku America. Anafika ku Khartoum, kenaka ku America ndi ku Cambridge, ndipo buku lace la 1965 analicha I Will Try, mau a pa cizindikiro ca sukulu yace, ndiko kuti, ndidzayesa.

Pali nkhani inanso yoyenera aphunzitsi. Mu 1915, pa mayeso a ku Kasungu, Cullen Young anaturutsa mnyamata wamfupi amene anaimirira kuti aone bwino pa bolodi, pomganizira kuti ali kubera. Mnyamatayo sanafike pa Khondowe. Anapita ku South Africa ndi ku America. Anali Hastings Kamuzu Banda. Awiriwo anakomananso ku Britain, nakonza pamodzi buku la Our African Way of Life mu 1946. Ciweruzo ca mphindi imodzi m'cipinda ca mayeso cikhoza kutembenuza moyo wonse wa mwana.

YUNIVESITE IMENE INACEDWA

Laws anafuna kuti Overtoun ikule kufikira kukhala yunivesite. Koma m'zaka za m'ma 1920 maganizo anasintha. Bungwe la Phelps-Stokes, limene linayendera sukulu za m'maiko ano mu 1924, linakonda maphunziro a ulimi ndi a pamudzi koposa a m'mabuku. Ndipo anzace ena a Laws anati ndalama zipite ku sukulu za m'midzi, zimene zinali zosauka zedi. Mau ao anali ndi nzeru yace, popeza ana a m'sukulu za udzu anali zikwi zambiri ndipo a pa phiri anali mazana ocepa. Koma cotsatira cace cinali cakuti khomo la maphunziro apamwamba linatsekeka kwa mibadwo iwiri. Laws anali Mtsogoleri woyamba wa Sinodi ya C.C.A.P., imene inapangidwa pa Livingstonia mu 1924. Anacoka mu 1927 atagwira nchito zaka 52, namwalira mu 1934, caka comwe buku la zikumbutso zace linaturuka.

Yunivesite yoyamba ya Malawi inayamba ku Blantyre mu 1965, ndipo koleji yace ya Chancellor inasamukira ku Zomba mu 1973. Khondowe inadikira kufikira mwezi wa August 2003, pamene Sinodi ya Livingstonia inatsegula University of Livingstonia, niicha malo a pa phiripo Laws Campus. Cigawo cace coyamba cinali ca uphunzitsi, nchito yomwe ija imene mudziwo unayamba nayo.

CUMA CIMENE CINGATAYIKE

Cinenero cimene Khondowe inacilemba cinapeza mabvuto. Mu 1968 Boma la Malawi linalamula kuti Cicewa cokha ndico cikhale cinenero ca dziko pamodzi ndi Cingerezi, ndipo Citumbuka cinacotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu; cinabwerera pa wailesi mu 1994. Ku Zambia Boma linasankha zinenero 7 za m'sukulu, ndipo ca Cigawo ca Kum'mawa ndico Cinyanja. Motero mwana wa ku Chasefu kapena kwa Mphamba alankhula Citumbuka kwa amai ace, apeza Cinyanja m'buku, ndipo alemba mayeso ace akuru m'Cingerezi. Mabuku akale a Citumbuka anasowa m'masitolo. Otsala ali m'mabokosi a nkhalamba, kumene ciswe ndi njenjete ziwadya.

Apa mphunzitsi wa kumudzi ali ndi nchito imene profesa wa mumzinda sangaigwire. Akhoza kufunsa m'mabanja a alaliki ndi aphunzitsi akale ngati asunga mabuku osindikizidwa pa Livingstonia, makalata, kapena mabuku a maina a ana a sukulu, ndi kuwasamala pouma. Akhoza kutuma ana a makalasi apamwamba kwa agogo ao kukafunsa kumene pfuko lao linacokera, mitsinje imene linaoloka, ndi mafumu amene linawapeza. Nalembe mwana ali yense m'cinenero cimene anamvera nkhaniyo, ndi kuika dzina la mudzi ndi tsiku. Pamene nkhani ya Mtumbuka, ya Mngoni ndi ya Mcewa wa kwa Mwase zisiyana, zonse zitatu zisungidwe, ndipo ana aziyerekeze okha. Nyirenda ndi Chibambo analibe zipangizo zoposa izi: anali ndi kope, pensulo, ndi ulemu wokhala pansi pamaso pa akuru.

Ndipo aphunzitsi a sukulu zoyandikana akasonkha ndalama za galimoto pa chuti ca m'cilimwe, mseu utauma, akhoza kugona ku Embangweni tsiku loyamba ndi kufika pa Khondowe laciwiri. Akatenge makope ao, popeza m'Stone House muli maina ndi zithunzi zimene ana a ku Lundazi sanazionepo m'buku liri lonse la sukulu.